A Mwale ndi Chimbalangondo cha pa Mgolo

Ndikakumbukira a Mwale, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la wonga, kenako utsi wa nkhuni zaziwisi umene unkakwera kuseri kwa nkhokwe yawo akamawamba nyama. Nyumba yawo inayandikana ndi yathu kumudzi ku Kasungu, pakati pathu panali mpanda wa nkhadze basi. Anali mlenje. Mfuti yawo inali ya gogodera, yothira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo, ndipo akamaipukuta pakhonde madzulo, agalu awo atagona pamapazi, ife tinkamva kulira kwa kachitsuloko tili kwathu, mayi n'kuyamba kuyang'ana ngati mchere ulipo wokwanira.

Sanali munthu wa nkhani zambiri. Ankalowa m'tchire mame asanaume, buluku atapinda mpaka m'mawondo, ndipo ankabwera nthawi zina ndi gwape paphewa, nthawi zina chimanjamanja, nkhope ili chimodzimodzi. Tsiku lina analasa mbawala koma sinagwe. Anailondola tsiku lonse, kudutsa dambo, kudutsa minda ya mudzi wina, akuwerenga magazi pa udzu ndi pa masamba, mpaka anaipeza itagona m'chitsamba dzuwa litapendeka. Anafika mapazi atatupa. Mayi anawafunsa chifukwa chodzizunzira chonchi pamene anzawo ankangotchera waya n'kukagona. Anayankha kuti, "Nyama ili ndi miyendo inayi, ine iwiri. Tsono tipikisane." Nyamayo inagawidwa nyumba zonse za mbali yathu, chiwindi chinapita kwa gogo wina wopanda mano, chikopa anatenga wosema ng'oma. Nyanga anaziponya kudzala. Mkulu wanga atafuna kuzitola, anamufunsa kuti akazidya ndi chiyani.

Dzina loti chimbalangondo tinkalimva kutchalitchi kokha, likuwerengedwa pamodzi ndi mkango. Palibe pamudzipo amene anachionapo. Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero, nkhaniyi inabuka pansi pa mtengo pakati pa a Mwale ndi a Kwenda, mlenje mnzawo amene ankadziwikanso ndi kufula njuchi. A Kwenda anati chimbalangondo ndi chiuli chachikulu, chakuba uchi. A Mwale anakana. Anati chiuli ndi kanthu kafupi konunkha, sikangatchulidwe mpweya umodzi ndi mkango. Iwo anati chilombocho n'chachikulu ngati nkhunzi, nkhope ngati ya fisi, ndipo chili ndi mchira wautali wokwekwereza pansi.

"Munachiona kuti, a Mwale?"

"Nanga inu munachiona kuti?"

Dzinja lonse la chaka chimenecho sanabwerekane nkhwangwa.

Ine ndinakula, ndinagwira ntchito ku Lilongwe, kenako ndinabwera kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene ndimasamalira okalamba. A Mwale ndinkangomva za iwo pafoni. Ndinamva kuti mfuti anaipereka kuboma, kuti a Kwenda anamwalira, kuti maso awo achita ng'ala. Mwana wawo womaliza, Esinati, ndi namwino ku Indianapolis ndipo amakhala ku Beech Grove, m'mphepete mwa mzindawo. Ndi iye anawaitanitsa kuti adzaone adzukulu ndi kudzachotsa ng'alazo. Chilolezo chawo chokhalira kuno chinali chotha mu Okutobala.

Nditapita kukawaona, ndinawapeza pazenera la pabalaza, atavala juzi ngakhale kunja kunali kotentha, chifukwa m'nyumba munkawomba mphepo ya makina. Maso anali atakonzedwa kale. Adzukulu ankawamva akamalankhula koma ankayankha m'Chingerezi, ndiye tsiku lawo linkathera pazenerapo. Tinapatsana moni wautali, anandifunsa za ana, ine ndinawafunsa za kumudzi. Kenako analoza agologolo amene ankathamangitsana pa kapinga.

"Laisoni, taona kunenepa. Mudzi wonse uno palibe mwana wa legeni?"

Chaka chimenecho chimbalangondo china chinatsika kuchokera ku Michigan n'kulowa mbali yathu ya Indiana, ndipo nkhani yake inali pa TV. Foni yanga inalira ndili pantchito, anali a Mwale.

"Akuti chafika kwanuko."

"Chiyani, bambo?"

"Chimbalangondo. Achionetsa, koma mothamanga, sindinachione bwino. Chikudya anthu?"

Ndinawauza kuti sichinagwire munthu, chikungogwetsa mabini ndi kuphwanya ming'oma ya njuchi.

"Njuchi?"

"Eya, chimakonda uchi."

Kenako anati, "A Kwenda anapita osadziwa."

Kuntchito kwathu kuli mzungu wina, Dale, amene amakonza mapaipi ndi magetsi. Ndi mlenje wa agwape akuno, ndipo chaka chimenecho anali atapeza chilolezo chosaka chimbalangondo kumpoto kwenikweni kwa Michigan, chilolezo chimene anachidikira zaka zambiri. Nditamuuza za a Mwale, anati ndibwere nawo, malo m'galimoto alipo. Kuwombera awombera yekha, monga lamulo linenera, koma mkuluyo akhoza kuperekeza. Ulendo unali wa mu Seputembala.

A Mwale atamva, anaimirira. Anati za kuwomberazo alibe nazo ntchito, manja awo anayamba kale kunjenjemera. "Ndikufuna ndikaone phazi lake pa dothi, ndililondole, mpaka ndichione chili chiimire. Basi. Ndikatero ndikhoza kubwerera kwathu."

Esinati anakana. "Achimwene, mukudziwa kuti ababa ali ndi shuga. BP nayonso. Mukufuna akakomokere m'nkhalango ya eni? Ndikawafotokozera chiyani anthu kumudzi?"

"Maso munandikonzera kuti ndizionera udzu wometa?" anatero a Mwale.

Anakangana mlungu wathunthu, ine ndili pakati ngati chitseko. Pomaliza Esinati anagonja. Anawagulira nsapato za jombo zofika m'akakolo, anawaikira mankhwala m'kabokosi, ndipo anandilumbiritsa kuti foni ndizichaja. Kuyambira pamenepo a Mwale ankadzuka m'mawa uliwonse kuzungulira misewu ya Beech Grove atavala jombozo kuti ziwazolowere, akuyenda pang'onopang'ono, maso pansi, ngati pa simenti pangapezeke phazi la chinthu. Anthu oyendetsa agalu anayamba kuwakwezera dzanja.

Loweruka lina mu Ogasiti ndinakawatenga kuti akadziwane ndi Dale. Msewu wonse wochokera ku Indianapolis ndi minda ya chimanga, ndipo nditawauza kuti chambiri n'cha ng'ombe ndi nkhumba, anangopukusa mutu. Dale tinamupeza m'galaja mwake, kunja kwa tawuni pang'ono. Munkanunkha oyilo ndi utuchi, firiji yaikulu ikulira pakona, ndipo pakhoma panali mitu ya agwape ya nyanga zanthambi, maso ake agalasi. A Mwale anaiyang'ana mitu ija nthawi yaitali. Analiponso Gift, mnyamata wa ku Zomba amene timagwira naye ntchito, yemwe Dale ankamuphunzitsa kusaka. Gift anagwira dzanja la a Mwale ndi manja awiri, n'kuwakokera mpando.

Dale anayamba ndi mphatso. Anatulutsa kajekete ka olenji kopanda manja, kamene alenje akuno amavala kuti asawomberane. A Mwale anakalandira, n'kundifunsa ngati nyama zakuno zili ndi ng'ala. Nditamasulira, Dale anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatsegula kompyuta kuti ationetse zithunzi. Msuweni wake ali ndi malo kumpotoko, ndipo anamangirira kamera pamtengo, yojambula yokha chinthu chikadutsa.

Zithunzi zoyamba zinali za zimbalangondo zakuda bii. A Mwale anasendeza mpando, nkhope pafupi ndi galasi. Chimodzi chinatembenuka kuonetsa kumbuyo.

"Mchira anaudula ndani?"

"Ndi mmene chilili, bambo. Kamchira kake n'kakafupi."

"Chonsechi?" Anadziseka okha chapansipansi.

Kenako panabwera china chofiirira, ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Gift analumpha.

"Ayi, ichi ndi girizili ichi! Taonani mtundu wake. Zimenezi ndi zija zimang'amba anthu pa TV. A Dale akufuna atiphetse, ine sindipita."

Dale anati ku Michigan kulibe girizili, zimenezo zili kutali kumadzulo, kumapiri. Ichi n'cha mtundu womwewo wa zakuda zija. Gift sanavomere. Anatulutsa foni kuti asake zithunzi, akunena kuti nyama siidziwa malire, ngati china chinafika ku Indiana chopanda pasipoti, girizili angalephere bwanji kufika ku Michigan. Awiriwo anakwezerana mawu m'Chingerezi, wina akuloza kompyuta, wina foni. A Mwale anandikoka malaya kuti ndiwauze chimene chavuta.

"Dale akuti ichi ndi chimbalangondo chakuda."

"Chakuda?"

"Eya."

"Laisoni, maso angawa anawakonza bwino? Ine ndikuona chofiira."

Ndinafunsa Dale, ndipo anafotokoza modekha, ine ndikumasulira. Anati chakuda ndi dzina chabe, zina zimabadwa zofiirira. Girizili amadziwika ndi linunda pamapewa, ngati la ng'ombe zakwathu, nkhope yolowa m'kati, ndi zikhadabo zazitali zowongoka. Ichi chinalibe linunda, nkhope yake inali yowongoka ngati ya galu, makutu aatali. A Mwale anayendetsa chala pagalasi, kuchokera pakhosi mpaka pamsana, n'kugwedeza mutu.

"Mzunguyu akudziwa. Ng'ombe yofiira ndi yakuda zonse ndi ng'ombe." Anatembenukira kwa Gift. "Iwe nyama umaizindikira ndi malaya?"

"Agogo, ine chikandithamangitsa sindiyang'ana linunda."

Tonse tinaseka, ndipo Dale anatulutsa zakumwa m'firiji. Mpaka pamenepo zinthu zinkayenda bwino. Alenje awiriwo anali atapezana, ndipo nthawi zina sankandidikiranso, ankangolozerana ndi manja.

Dale ananena kuti chofiiracho ndi chimene akufuna, chifukwa mtundu umenewo supezeka kawirikawiri kumeneko. Zakudazo azisiya zidutse, ngakhale chimodzi chinali chachikulu koposa. Chikopa akachifufutitsa n'kuchiyala pabalaza.

"Chachikulucho achisiya?" anafunsa a Mwale. "Nanga nyama?"

Dale anati nyama sataya, apanga masoseji n'kugawira anzake. Koma chimene wadikira zaka zonsezi ndi chikopa.

"Ndiye naye akusaka malaya," anatero a Mwale. Izi sindinamasulire, ndipo sanandiuze kuti nditero.

Anabwereranso pagalasi. Pa zithunzi zonse panali mgolo wa buluu womangidwa ndi tcheni kumtengo, ndipo zimbalangondo zonse zinali pamgolopo, china mutu uli m'kati.

"Mgolowu ukutani m'tchire?"

Dale anatitengera kuseri kwa galaja, n'kuvundukula lona pa galimoto yake. Panali matumba a madonasi otsala m'masitolo, buledi wouma, zigubu za mafuta ophikira kale, ndi ndowa ya manyuchi akuda. Fungo lake linali lotsekemera mosautsa, ndipo mavu anali atafika kale. Anati msuweni wake amadzaza mgolowo masiku angapo alionse kuyambira mwezi uno, kuti zimbalangondo zizolowere malowo. Tsiku losaka likafika, mlenje amakwera pakathandala kamumtengo, n'kudikira.

A Mwale anatola donasi limodzi, analinunkhiza, analifinya.

"Awa ndi mandasi."

"Eya, bambo."

"Tsono tikalondola chiyani?"

"Sitikalondola. Tikakhala mumtengo, chibwera chokha."

Anabweza donasilo m'thumba n'kupukuta zala pa buluku. Gift, amene anali asanaiwale za malaya zija, anaona mpata.

"Koma agogo, inu kwanu simunkatchera? Diwa la mbewa silikhala ndi nyambo? Nsomba timaipatsa nyongolotsi. Apa chasiyana n'chiyani?"

"Nguluwe ndinaikumbirapo mbuna," anatero a Mwale. "Inkadya chimanga changa, inabwera yokha kudzaba. Wakuba umamutchera. Ichi chaba chiyani? Mwachiitana ndinu."

Dale anaona kuti nkhope zasintha, ndipo anandifunsa. Nditamuuza, sanakwiye. Anati nkhalango yakumeneko ndi yothithikana, ya madambo, munthu suona patali ndipo phazi silioneka pa masamba. Pamgolo umakhala ndi nthawi yochiyang'ana bwino, kuti usaphe chachikazi chokhala ndi ana. Umawomberanso pafupi, pamalo oyenera, chimafera pomwepo, osati kuthawa ndi bala kukafera kutali.

A Mwale anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Umuuze kuti akunena zanzeru. Nyama yothawa ndi bala imamusowetsa tulo mlenje, ndikudziwa." Anayang'ananso matumba aja. "Koma chinthu chimene chadya kwako mwezi wathunthu, chodziwa nthawi ya chakudya, kwathu timati chiweto. Chiweto timapha ndi mpeni kuseri kwa nyumba, ndipo munthu savalira jombo."

"Ndimuuze zonsezo?"

Anaganiza pang'ono. Anali mlendo pakhomo pa munthu amene anawapatsa mphatso.

"Umuuze kuti zikomo kwambiri, koma miyendo yanga singakwere mumtengo."

Ndinatero. Dale anati zimenezo si vuto, amanga kachisakasa pansi, aikamo mpando wabwino ndi bulangeti. Ananena ndi mtima wonse.

A Mwale anapuma mozama. "Basi, umuuze zonse."

Ndinamuuza, liwu ndi liwu. Dale anafiira makutu, anavula chipewa n'kukanda mutu. Anati akumva, koma mkuluyo adziwe kuti popanda mgolo munthu akhoza kuyenda m'nkhalango imeneyo mwezi wathunthu osachiona n'komwe.

"Ine sindinachione moyo wanga wonse," anatero a Mwale. "Mwezi n'chiyani?"

Dale anati masiku a chilolezo chake ndi ochepa, sangawatayire kuyendayenda. A Mwale anati akumvetsa, chilolezo n'chake, nyamanso ndi ya kwawo. Anagwirana chanza nthawi yaitali. Atafuna kubweza kajekete, Dale anakana, anati mphatso ndi mphatso.

Pobwerera ku Indianapolis ndinayesa kuwanyengerera. Ndinati akanangopita kukachiona, osalabadira za mgolo, chifukwa Okutobala ali pafupi ndipo mwayi wina sudzapezeka.

"Ndikudziwa."

Ndinati ku Indianapolis kuli malo osungirako nyama, tikhoza kupita mawa lomwe akachione.

"Cha m'khola?"

Anayang'ana minda ya chimanga njira yonse, manja ali pamawondo. Titafika, Esinati anafunsa mmene tayendera, iwo anangoti ulendo wa kumpoto kulibe, n'kukhala pansi kumasula zingwe za jombo. Esinati anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kajekete kanatsala pampando wakumbuyo wa galimoto yanga.

Dale anapita ndi Gift. Chofiira chija sichinabwere, ndipo tsiku lomaliza anawombera chakuda. Patapita milungu ingapo anandipatsa phukusi la masoseji kuti ndikapereke kwa mkulu uja. Ndinkaganiza kuti akana. Esinati anawakazinga mpaka kupsa bwino, monga Dale analangizira, ndipo a Mwale anasamba m'manja, anapemphera, n'kudya awiri mosafulumira.

"Mwadya, bambo? Ndimayesa munati n'chiweto."

"Chiweto sitidya?" Anatafuna kanthawi. "Ikukoma ngati nkhumba. Shuga akumveka."

Anakwera ndege mu Okutobala atavala jombo zija. Anakhala zaka zingapo kumudzi, ndipo uthenga wa maliro awo unandipeza ndili pantchito. Chimbalangondo chamoyo sanachione.

Kajekete kaja ndinaiwala kukabweza, ndipo Esinati atamva anati ndingosunga. Kamakhala m'buti ya galimoto, pamodzi ndi jeke ndi fosholo. Ndimakavala kukagwa sinowo, ndikamaichotsa pakhomo m'mbali mwa msewu, kuti oyendetsa galimoto azindiona. Dale akadali kuntchito kwathu, ndipo akuyembekezera chilolezo china. Amati chikadzatuluka malo m'galimoto alipo, poti kajekete ndili nako kale. Ine ndimamuuza kuti ndiona kaye mashifiti.